Banja limagwira ntchito yanji? Phunziro la functionalism pa makomo athu a ku Machinga ndi Balaka



Phunziro la lero likuchokera ku sociology, maphunziro ofufuza mmene anthu amakhalira limodzi. Ena mwa inu munalawako pang'ono mu Social Studies ku sekondale, ena mukulimbana nazo ku koleji, ndipo ena simunamvepo n'komwe. Musade nkhawa, nkhani yake ndi ya pakhomo panu pomwepo. Tiona mmene akatswiri otsatira maganizo otchedwa functionalism amaonera banja, kenako tiyese maganizo awowo pa mabanja athu a kuno.

Tiyambe ndi khomo limodzi longoyerekeza, koma loti aliyense wa ife akulidziwa. Tinene kuti lili m'mudzi wina chakufupi ndi Ntaja. Pakhomopo pali agogo aakazi, mwana wawo wamkazi ndi adzukulu anayi. Bambo a anawo ali ku Joni, chaka chachinayi tsopano. Mwezi wina amatumiza ndalama, mwezi wina kuli zii. Amalume a anawo amakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, ndipo tsiku lomwe aphunzitsi anaitanitsa kholo la mwana wamkulu, anapita kusukulu ndi iwowo. Kodi limeneli ndi banja lathunthu kapena losweka? Yankho lanu lisungeni kaye, tibwererako kumapeto.

FUNCTIONALISM NDI CHIYANI?

Dzinali likuchokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza ntchito. Akatswiri a maganizo amenewa amati mtundu wa anthu uli ngati thupi. M'thupi muli mtima, mapapo, chiwindi, chilichonse ndi ntchito yake, ndipo chimodzi chikafooka thupi lonse limamva. Chimodzimodzi pakati pa anthu pali banja, sukulu, chipembedzo, msika, bwalo la amfumu ndi boma. Mngerezi Herbert Spencer ndi amene anatchukitsa fanizo la thupili, ndipo Émile Durkheim wa ku France, yemwe anabadwa mu 1858 n'kumwalira mu 1917, ndiye anamanga maziko enieni a kaganizidwe kameneka.

Ndiye munthu wa functionalism akaona mwambo kapena bungwe lililonse, sayamba ndi kufunsa ngati ndi labwino kapena loipa. Funso lake loyamba ndi lakuti: chinthu ichi chikugwira ntchito yanji kuti anthu apitirize kukhala limodzi? Akaona chinamwali afunsa zomwezo, akaona maliro afunsa zomwezo, akaona banja afunsanso zomwezo.

NTCHITO ZINAYI ZA MURDOCK

Mu 1949 katswiri wa ku America, George Peter Murdock, anatulutsa buku lotchedwa Social Structure. Anasanthula zomwe zinalembedwa zokhudza mitundu ya anthu 250 ya m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi, ndipo anati kulikonse kumapezeka banja la bambo, mayi ndi ana, chifukwa limagwira ntchito zinayi zomwe mtundu uliwonse umazifuna.

Yoyamba ndi kuika malire pa nkhani ya kugonana. Banja limanena kuti uyu ndi mkazi wa uje, uyu ndi mlongo wako sungamukwatire. Popanda malire amenewa, ndewu za nsanje sizingathe m'mudzi.

Yachiwiri ndi kubereka. Anthu amafa tsiku ndi tsiku, ndipo mtundu umapitirira chifukwa ana akubadwa m'malo odziwika, ali ndi anthu owasamala.

Yachitatu ndi ya chuma. Anthu a pakhomo amagawana ntchito: kulima, kutunga madzi, kugwira nsomba, kuphika, kusunga chimanga m'nkhokwe kuti chifike nyengo ya njala.

Yachinayi ndi kuphunzitsa. Mwana sabadwa akudziwa Chiyao kapena Chichewa, sabadwa akudziwa kugwada popereka madzi kwa akulu. Zonsezi amaziphunzira pakhomo. Paja akulu amati kuongola mtengo m'poyamba.

PARSONS NDI BANJA LA M'TAUNI

Talcott Parsons, wa ku America yemweyo, anapitiriza nkhaniyi mu 1955 m'buku lomwe analemba ndi Robert Bales. Iye anati m'maiko a mafakitale banja lalandidwa ntchito zambiri. Kuphunzitsa kwapita kusukulu, kuchiritsa kwapita kuchipatala, kupeza chakudya kwapita ku kampani. Zatsala ntchito ziwiri zomwe wina aliyense sangazigwire bwino. Yoyamba ndi kuumba khalidwe la mwana akadali wamng'ono. Yachiwiri ndi kukhazika pansi mitima ya akulu, kuti munthu akatopa ndi za kunja apeze pofikira, pomwe akumudziwa ndi kumumvetsa.

Parsons anawonjezera kuti banja laling'ono ndi lomwe limayenerana ndi moyo wa mafakitale, chifukwa silivuta kusamuka kutsatira ntchito. Anagawanso maudindo: mwamuna azisaka ndalama kunja, mkazi azisamala ana ndi mitima ya a pakhomo. Mfundo yomalizayi muigwire, chifukwa ndi yomwe inabutsa mkangano waukulu pambuyo pake.

Amene mukukonzekera mayeso, pamenepa mwapeza kale theka la yankho: Murdock ntchito zinayi, Parsons ntchito ziwiri. Koma tikalekera pomwepa tikhala tangoloweza za ku America. Tiyeni tibwere kwathu.

MZUNGU AMENE ANAFUFUZA MIDZI YATHU

Ambiri sitidziwa kuti midzi ya mbali ino inalowa m'mabuku akuluakulu a maphunziro amenewa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, katswiri wina wobadwira ku South Africa, J. Clyde Mitchell, anakhala m'midzi ya Ayao, kuphatikizapo madera a mafumu monga Kawinga ndi Malemia. Anatumidwa ndi bungwe la kafukufuku la Rhodes-Livingstone Institute la ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia. Mu 1956 anatulutsa buku lotchedwa The Yao Village. Naye ankafunsa mafunso a mtundu womwewu: mudzi umagwirana bwanji, ndipo ndani akugwira ntchito iti?

Zomwe anapeza agogo anu angakuuzeni osatsegula buku. Tsinde la mudzi silinali bambo, mayi ndi ana ayi. Linali mbumba, kutanthauza akazi apachibale pamodzi ndi ana awo, oyang'aniridwa ndi mlongo wawo wamwamuna, mwini mbumba, amene pa Chiyao amati asyene mbumba. Mwamuna akakwatira amapita kukakhala kwa mkazi, ndiye chikamwini chija. Munda umachokera kuchikazi. Mwana akadwala, akapalamula, kapena akafuna kukwatira, woyamba kudziwitsidwa ndi amalume. Ukwati ukatha, mwamuna amanyamula zake n'kubwerera kwawo, koma ana amatsala pamudzi, pa munda womwewo, pakati pa anthu omwewo. Mitchell anaona kuti maukwati ankatha kawirikawiri, koma mbumba siinkatha nawo.

Mwaona pomwe Murdock wapunthwa? Ntchito zake zinayi zilipo ndithu, koma sizinasenzedwe ndi anthu awiri okha. Zagawidwa. Malire a ukwati amasungidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Chuma chagona pa munda wa kuchikazi. Kuphunzitsa mwambo kuli m'manja mwa agogo, azakhali, anankungwi, jando ndi nsondo. Choncho tikamayankha funso la functionalism kuno, tizinena kuti ntchito n'zomwezo, koma ozigwira ndi ochuluka kuposa a m'buku la ku America.

Katswiri wina, mayi Audrey Richards, amene anafufuza pakati pa Abemba ku Zambia, analemba mu 1950 za vuto lomwe limapezeka m'mitundu yotsata kuchikazi. Mwamuna mmodzi amakokedwa mbali ziwiri. Ana ake obereka ali kumudzi kwa mkazi, komwe iye ndi mlendo. Mbumba yake ili kumudzi kwawo, komwe ali ndi mphamvu koma sakhalako. Mitchell nayenso anaonetsa kuti m'mudzi simunali mtendere wokhawokha: abale aamuna ankalimbirana mbumba, ankanenezana ufiti, mpaka ena kusamuka n'kukayamba mudzi wawo.

NTCHITO YOPANDA MWINI

Tsopano tafika pa mtima wa phunziro lathu. Lero m'makomo mwathu mukuyenda malamulo angapo nthawi imodzi. Mwambo wa makolo umati mwini ana ndi amalume. Chiphunzitso cha Chisilamu, chomwe ambiri a ife timamangira nacho ukwati pa nikah, chimaika udindo wodyetsa, kuveka ndi kusamala mkazi ndi ana pa mwamuna, ndipo chimapatsa ana ndi mkazi gawo lawo pa chuma cha masiye. Malamulo a boma nawo amayang'ana kholo lobereka: lamulo loteteza ana la 2010 limati makolo asamale ana awo, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo.

Zikayenda bwino, mwana wa ku Machinga ndi wodala, chifukwa ali ndi mizati iwiri, bambo ndi amalume. Wina akagwa, wina agwiriziza. Koma zikavuta, mizati iwiri yomweyo imasanduka pothawira. Bambo akuti, "Anawa ali ndi amalume awo, ine ndine mkamwini chabe." Amalume akuti, "Masiku ano aliyense azisamala ana ake, inenso ndili ndi anga." Onse awiri ali ndi lamulo lomwe akutsamira, ndipo onse awiri akusankha lamulo lowamasula. Fizi ya Fomu 1 ikafika, palibe amene akuyankha foni.

Apa m'pomwe functionalism imatithandiza kwenikweni. Imatiphunzitsa kuti ntchito za banja sizifa. Mwana amafunabe nsima, amafunabe womulangiza, amafunabe munthu womufunsa kuti wachokera kuti usiku uno. Munthu amene amagwira ntchitoyo akachoka, ntchito imatsala pompo, yopanda mwini. Ndipo ntchito yopanda mwini imapeza woigwira, kaya wabwino kaya woipa: agogo okalamba, mwana wamkulu wa zaka 13, anzake a pa siteji ya kabaza, kapena foni.

JONI NDI MASO A MERTON

Ulendo wa ku South Africa si wa lero. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku WENELA, mpaka mu 1974 pomwe Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyi ndege itagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Lero achinyamata a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi amapita okha pa basi, kudutsa ku Tete, Zimbabwe ndi Beitbridge.

Kuti timvetse zomwe ulendowu umachita pa banja, titenge Robert Merton, wophunzira wa Parsons, amene mu 1949 anakonza functionalism poigawa patatu. Anati chinthu chimakhala ndi ntchito yoonekera, yomwe aliyense amaifuna ndi kuidziwa. Chimakhalanso ndi ntchito yobisika, yomwe palibe anaikonzekera. Ndipo chimatha kukhala ndi zotsatira zoononga.

Tiyese pa Joni. Ntchito yoonekera tonse tikuiona: nyumba ya malata, njinga yamoto, feteleza, fizi. Yobisika ndi monga iyi: mkazi wotsala pakhomo amaphunzira kuyendetsa chuma, kulemba aganyu, kulowa banki mkhonde, kupanga ziganizo zomwe kale ankadikira mwamuna kapena mlongo wake. Zoononga nazo sitingazibise. Mnyamata wa Sitandade 8 akaona mnzake wabwera ndi foni yodula, sukulu imayamba kumuwawa. Ana amakula akudziwa bambo awo pa WhatsApp pokha. Ena amayamba banja lina komweko. Ndipo khomo lodalira ndalama ya kunja limagwedezeka kunjako kukavuta, monga zinachitikira mu 2008 ndi 2015 pomwe alendo ankachitidwa chipongwe ku South Africa, boma la Malawi mpaka kutumiza mabasi kukatenga anthu ake.

Taonani bwino. Ntchito ya chuma imatha kuwoloka malire a maiko atatu, chifukwa ndalama imayenda pa foni. Koma ntchito ziwiri za Parsons zija, kuumba mwana ndi kukhazika mtima wa mnzako, siziyenda bwino pa foni. Zimafuna munthu wokhala pafupi. Choncho amene akupita asamangokambirana za ndalama zokha. Akhale pansi ndi ankhoswe, amalume ndi agogo, agwirizane kuti ndani azipita kusukulu akaitanidwa, ndani azionetsetsa kuti mwana wafika ku madrasa, ndani athamange mwana akatentha thupi usiku.

KODI PARSONS ANANENA ZOONA KUTI BANJA LALANDIDWA NTCHITO?

Pang'ono inde. Kuyambira 1994, pomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana ambiri amathera theka la tsiku m'manja mwa aphunzitsi. Amayi ambiri amachilira kuchipatala, osati kwa azamba monga kale. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma ena, imathandiza makomo osaukitsitsa omwe kale ankadalira abale okha.

Koma kuno banja silinatule katundu wochuluka ngati ku America. Wodwala akagonekedwa ku chipatala cha boma ku Liwonde, amene amagona pansi pambali pake n'kumamuphikira phala ndi wachibale. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018, asodzi ndi ogulitsa matemba analibe kampani ya inshuwalansi yowalipira. Anagwiriziridwa ndi abale. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, ambiri anayamba kuthawira kwa achibale thandizo lina lisanafike. Kwa ife banja likadali banki, chipatala, khoti ndi inshuwalansi. N'chifukwa chake likafooka, kugwa kwake kumapweteka kwambiri.

POMWE FUNCTIONALISM IMATERERA

Tsopano chenjezo. Munthu amene wangophunzira kumene functionalism amatha kuyamba kuikira kumbuyo chilichonse, ati poti chilipo ndiye kuti chili ndi ntchito. Tengani nkhani yokwatiwitsa ana. Wina anganene kuti imachepetsa pakamwa podyetsa, imabweretsa mkamwini wolima, imachotsa manyazi a mimba ya pathengo. Zoona, zimenezi ndi ntchito. Koma Merton anatiphunzitsa kufunsanso kuti: ntchito imeneyi ikupindulira ndani, ndipo akulipira ndani? Wolipira ndi mtsikana wa zaka 15 amene wasiya sukulu ndipo akukabereka thupi lisanakhwime. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, pafupifupi 42 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati malire, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kutseka mpata womwe unkalola ana kukwatiwa makolo akavomera. Kufotokoza chifukwa chomwe chinthu chikuchitikira si kuvomereza kuti chipitirire.

Akatswiri ena anatsutsa functionalism pa mfundo yomweyi. Otsatira Karl Marx, potengera buku la Friedrich Engels la 1884, amati banja limathandizanso kusunga chuma m'manja mwa omwe ali nacho kale. Akatswiri oona za ufulu wa amayi, monga Ann Oakley wa ku Britain amene analemba za ntchito za pakhomo mu 1974, amati Parsons anatenga chizolowezi cha nthawi yake n'kuchiyesa chilengedwe. Ndipo ife sitikusowa buku kuti tione zimenezi. Pitani m'madimba a mpunga m'mbali mwa Chilwa, pitani pa msika wa Liwonde, Nsanama kapena Ulongwe, muwerenge amene akusaka ndalama. Amayi athu akulima, akugulitsa, kenako akubwera kudzaphika ndi kuchapa. Akusenza maudindo onse awiri a Parsons, pomwe buku lake linawapatsa umodzi.

Chinanso, si khomo lililonse lomwe ndi popumira. Makomo ena ndi omwe munthu amaopa kubwererako dzuwa likalowa. N'chifukwa chake dziko lino linakhazikitsa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja mu 2006. Mawu akuti banja ndi kupirira apulumutsa maukwati ambiri, koma abisanso mabala ambiri.

TIBWERERE KU NTAJA KUJA

Ndiye khomo lija, lathunthu kapena losweka? Wa functionalism wanzeru sangayankhe pongowerenga mitu ya anthu. Afunsa ntchito imodziimodzi. Ana akudya? Ndalama ya ku Joni ndi munda wa agogo zikukwanira mpaka Febuluwale? Alipo amene akuwalangiza, ndipo amamumvera? Mayi uja akatopa amalankhula ndi ndani? Amalume anapita kusukulu tsiku limodzi lija basi, kapena amafunsa za mwanayo sabata iliyonse? Ngati mayankho alipo, banjalo lili chilili ngakhale bambo ali kutali. Ndipo pali makomo ena omwe bambo ndi mayi onse alipo, nyumba ya njerwa, koma ntchito zitatu mwa zinayi zilibe mwini.

Ambiri mwa ife amene tikuwerenga izi ndife amalume kale kapena azakhali a winawake, ngakhale tisanakwatire. Ena tikukonzekera nikah chaka chino, ena tikusunga ndalama ya pasipoti. Choncho nayi ntchito ya sabata ino. Tengani pepala, lembani ntchito zinayi za Murdock ndi ziwiri za Parsons. Pambali pa iliyonse lembani dzina la munthu amene akuigwiradi pakhomo panu lero, osati amene amayenera kuigwira. Kenako yang'anani zinthu ziwiri: dzina lomwe labwera kambirimbiri, chifukwa ameneyo watopa ngakhale sakunena, ndi mzere womwe watsala wopanda dzina.

Tikakumana tidzakambirane mafunso awa. Kwanu, fizi ya mwana ikavuta, woyamba kufunsidwa ndani, bambo kapena amalume? Kodi ankhoswe amakambirana za udindo umenewu ukwati usanamangidwe, kapena amadikira mlandu? Nanga mnyamata amene akupita ku Joni atasiya mkazi ndi khanda, asiye atakonza chiyani kupatula nambala ya foni?

Mzere wopanda dzina uja mukaupeza, musathamangire kuloza chala amalume kapena bambo. Yambani mwafunsa ngati dzina lanu lingakwanepo.